Ku Tubbataha mbedza siloledwa

M'bandakucha wa pa 17 Januwale 2013, sitima yankhondo ya dziko la America yotchedwa USS Guardian idatsakamira pa matanthwe pakati pa nyanja ya Sulu, m'dziko la Philippines. Sitimayi, yomwe ntchito yake idali yofufuza ndi kuchotsa mabomba otcheredwa m'madzi, idali yotalika mamita 68 ndipo mudali anthu 79. Inkachokera ku doko la Subic, koma ulendo wake udakathera pamalo pomwe ngakhale msodzi wa bwato saloledwa kuponyapo mbedza.

Oyamba kufika pamalopo adali alonda ochepa omwe amakhala m'kanyumba komangidwa pamchenga pakati pa nyanjayo. Malinga ndi mkulu woyang'anira malowa, mayi Angelique Songco, alondawo atalankhula ndi a m'sitimamo pa wailesi adauzidwa kuti ngati ali ndi dandaulo akalitule ku ofesi ya kazembe wa America. Atafuna kukwera m'sitimamo kuti akaone zomwe zachitika, adakanizidwa.

Kukoka sitimayo kukadaphwanya matanthwe enanso, choncho adaicheka zidutswazidutswa n'kumazinyamula ndi makina. Chidutswa chomaliza chidachotsedwa pa 30 Marichi chaka chomwecho. Akatswiri atayeza adapeza kuti masikweya mita 2,345 a matanthwe adawonongeka, malo okwana ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo la mpira wamiyendo. M'chaka cha 2015 boma la America lidapereka chipepeso cha mapeso 87 miliyoni, ndalama za ku Philippines zomwe panthawiyo zidali pafupifupi madola 2 miliyoni.

Kodi ndi miyala yanji imeneyi yoti dziko lamphamvu choncho lilipire chindapusa chifukwa choiponda?

Miyala yamoyo

Malowa dzina lake ndi Tubbataha. Mawuwa ndi a chinenero cha anthu otchedwa Samal, ndipo amatanthauza thanthwe lalitali lomwe limaonekera madzi akaphwera. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku mzinda wa Puerto Princesa pa chilumba cha Palawan, mtunda wofanana ndi kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Ntcheu, koma wonsewo ndi madzi okhaokha. Kulibe mudzi, kulibe chitsime, kulibe msika.

Matanthwe ake sali ngati a m'phiri la Mulanje. Amamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere totchedwa korali. Kachilombo kalikonse kamadzimangira kachigoba ka laimu, kakafa ena amamanga pamwamba pake, ndipo pakatha zaka zikwizikwi pamakhala khoma lalikulu lokhala ndi mapanga, nthambi ndi ming'alu momwe nsomba zimabisala, kudya ndi kuswana. Mitundu ina ya korali imakula sentimita imodzi yokha pa chaka. N'chifukwa chake chomwe sitima yaphwanya usiku umodzi chimatenga zaka zambirimbiri kuti chibwerere.

Maonekedwe a Tubbataha nawo ali ndi mbiri yake. Pansi pa nyanja ya Sulu pali mzere wa mapiri omwe kalekale ankaphulika moto. Korali adayamba kumera m'mbali mwa mapiriwo, ndipo pamene mapiriwo ankamira pang'onopang'ono, korali ankakwerabe m'mwamba kutsata kuwala kwa dzuwa. Mapeto ake phiri lidazimirira, n'kutsala khoma lozungulira ngati nkhata, pakati pake pali dziwe la madzi odekha. Katswiri wa zachilengedwe wa ku England, Charles Darwin, ndiye adafotokoza za kapangikidwe ka zilumba zotere m'buku lake la m'chaka cha 1842.

Ku Tubbataha kuli nkhata ziwiri zotere. Ya kumpoto ndi yotalika makilomita 16, ya kumwera makilomita 5, ndipo chapatali pang'ono pali thanthwe lina laling'ono lotchedwa Jessie Beazley. Malo onse otetezedwa ndi mahekitala 97,030, kuposa kutali nkhalango ya Liwonde. Ofufuza adawerengako mitundu ya nsomba yosachepera 600, ya korali 360, ya shaki 11, ya anamgumi ndi madolofini 13 komanso ya mbalame pafupifupi 100. Akamba a m'nyanja amitundu iwiri amakaikira mazira pa timichenga tochepa tomwe timaonekera pamwamba pa madzi. A Philippines amanyadira malowa moti chithunzi chake chili kuseri kwa ndalama yawo yapepala ya mapeso 1,000.

Eni ake adalipo

Ngakhale ku Tubbataha sikukhala anthu, malowa sadali opanda mwini. Ali pansi pa dera la Cagayancillo, timagulu ta zilumba ting'onoting'ono tomwe tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 ndipo timakhala anthu pafupifupi 7,000. Makolo a anthuwa ankapita ku Tubbataha pa mabwato oyendera mphepo, nyengo ya bata ikafika. Ankakhalako masabata angapo akuwedza, kutola nkhono, mazira a mbalame ndi a akamba, kenako n'kubwerera kwawo mphepo isadatembenuke. Chomwe chinkateteza malowa padalibe china koma kutalika kwake ndi ukali wa nyanja. Miyezi yambiri pa chaka kumawomba mphepo ziwiri zamphamvu, ina yochokera kumpoto chakum'mawa yomwe kumeneko amati amihan, ina yochokera kumwera chakumadzulo yotchedwa habagat. Amene adaonapo mwera utakwiya pa nyanja ya Malawi akhoza kumvetsa chifukwa chake bwato lopalasa silinkayerekeza.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1980 pamene maboti a injini adachuluka. Nsomba zidali zitachepa m'mphepete mwa zilumba zikuluzikulu za dzikolo, lomwe lili ndi zilumba zoposa 7,000 ndipo ndiwo ya tsiku ndi tsiku ya anthu ake ndi nsomba. Asodzi ochokera kutali adayamba kulunjika ku Tubbataha, ndipo ambiri adabwera ndi njira zachidule.

Njira yoyamba idali ya mabomba opangira m'mabotolo. Msodzi akaona gulu la nsomba amaponya botolo, likaphulika nsomba zonse za pamalopo zimafa, zazikulu ndi tiana tomwe. Zoyandama amatola, zambiri zimamira n'kuwolera pansi. Korali wa pamalopo amasanduka zibuma. Asodzi ambiri m'dzikolo adaduka manja ndi mabomba omwewa.

Njira yachiwiri idali ya poizoni wotchedwa cyanide. Anthu a m'mbali mwa mitsinje ya m'dziko muno amadziwa zomwe katupe amachita akathiridwa m'dziwe, koma uyu ndi woopsa kuposa pamenepo. Msodzi amatsikira pansi ndi kabotolo, n'kupopera poizoniyo m'phanga momwe mwabisala nsomba. Nsombayo imachita chizungulire, iye n'kuigwira yamoyo. Cholinga n'choti ikafike yamoyo m'malo odyera a ku Hong Kong ndi mizinda ina, komwe olemera amasankha nsomba ikusambira m'galasi asadaiphike. Nsombayo imatsitsimuka, koma korali yemwe wapoperedwa amafa.

Alendo osambira pansi pa madzi, omwe adayamba kufika kumeneko cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndiwo adayamba kukuwa. Ankati akabwerako chaka chino, chaka chinacho n'kupeza malo omwe adasiya okongola atasanduka bwinja. Pa 11 Ogasiti 1988, mtsogoleri wa dzikolo, mayi Corazon Aquino, adasainira chikalata chokhazikitsa Tubbataha ngati malo otetezedwa a m'nyanja, oyamba a mtunduwu m'dzikolo. M'chaka cha 1993 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, mndandanda womwe paki ya nyanja ya Malawi ku Cape Maclear idalowapo m'chaka cha 1984.

Koma chikalata sichithamangitsa wakuba. Zaka zoyambirira kudalibe mlonda wokhazikika, mabomba ankaphulikabe, ndipo kampani ina idafika mpaka pomanga timisasa pamatanthwepo n'kuyamba kulima ndere za m'nyanja, kufikira idachotsedwa. Zinthu zidayamba kuyenda m'chaka cha 1995 pamene Pulezidenti Fidel Ramos, yemwe naye ankakonda kusambira pansi pa madzi, adakhazikitsa komiti yapadera n'kulamula kuti asilikali a pamadzi azikhala komweko. Alonda oyambawo ankagona mu tenti. Kenako adamanga kanyumba ka matabwa, ndipo m'chaka cha 2000 adamangirako nyumba yolimbirapo.

Lamulo lake n'limodzi ndipo n'losavuta kulimva. Mkati mwa malirewo simuchotsedwa kanthu: nsomba, nkhono, dzira, ngakhale chigoba chakufa.

Apa ndipo pali fupa la nkhaniyi. Amene adaphulitsa mabomba ambiri adali ochokera kutali, koma amene adataya munda wa makolo awo adali a ku Cagayancillo. Iwo sadakondwe, ndipo palibe angawadzudzule. Kumuuza munthu wosauka kuti asiye kuwedza pamalo pomwe agogo ake ankawedza, cholinga choti azungu ndi olemera a ku Manila azikajambulapo zithunzi, si nkhani yoti angaiwombere m'manja. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 padachitika zokambirana pakati pa boma, eni maboti a alendo, mabungwe monga WWF ndi atsogoleri a ku Cagayancillo. Adagwirizana kuti mlendo aliyense wolowa m'malowa azilipira, ndipo gawo la ndalamazo lizipita ku Cagayancillo. Gawolo lidadzafika pa 10 peresenti. Ndalamazo zathandiza pa ngongole zing'onozing'ono za mabizinesi ndi ntchito zina za chitukuko, ndipo ena mwa alonda a ku Tubbataha amalembedwa kuchokera komweko. Mabanja ambiri kumeneko amadalira ulimi wa ndere za m'nyanja, zomwe amaziyanika n'kugulitsa ku makampani opanga mankhwala olimbitsa zinthu monga ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano.

Kaya 10 peresenti ikukwanira kulipira zomwe anthuwa adasiya, limenelo ndi funso loyenera kumafunsidwa chaka ndi chaka. Chodziwika n'choti popanda mgwirizanowu alonda khumi sakadatha kulimbana ndi mudzi wonse wokwiya.

Miyezi itatu ya alendo

Alendo amafika ku Tubbataha kuyambira pakati pa Marichi mpaka pakati pa Juni basi, nyengo yomwe mphepo ziwiri zija zimapumira. Kulibe hotela. Munthu amakwera boti lalikulu ku Puerto Princesa madzulo, kuyenda usiku wonse maola pafupifupi 10, ndipo kukacha amapezeka ali pakati pa madzi obiriwira ngati galasi. Amagona, kudya ndi kusamba m'boti momwemo kwa masiku asanu kapena sabata yathunthu. Mtengo wa ulendo umodzi ndi madola zikwi zingapo, ndalama yoti msodzi wamba wa ku Palawan sangaigwire ngakhale atagwira ntchito chaka chonse. M'chaka cha 2019 kudafika alendo oposa 3,000.

Wosambira amabereka thanki ya mpweya kumsana, kuluma kachipangizo kopumira, kuvala galasi kumaso ndi zopalasira kumapazi, kenako n'kudzigwetsa chagada kuchoka m'boti laling'ono. Pamwamba pa thanthwe madzi ndi osaya, koma akangosuntha pang'ono thanthwelo limathera pa phompho lotsetsereka ngati khoma la nyumba yosanja, lopita pansi mamita mazanamazana. M'mbali mwa khomalo ndi momwe muli zodabwitsa. Magulu a nsomba zikwizikwi amazungulira ngati kamvulumvulu, mashaki amagona pamchenga osasamala za munthu, akamba amadya pang'onopang'ono ngati mbuzi padambo. Amwayi amakumana ndi shaki wamkulu kuposa onse, yemwe amatha kutalika kuposa minibasi koma chakudya chake ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi.

Kuchuluka kwa mashaki ndiko kumakopa akatswiri. Shaki ndi nsomba yomwe imayamba kutha malo akamaphedwa mopyola, chifukwa imaswana mochedwa ndipo zipsepse zake zili ndi msika waukulu ku Asia. Malo omwe mashaki akuyenda momasuka ndiye kuti pansi pake pali chakudya chokwanira ndipo ukonde sudafikepo.

Masewerawa ali ndi ngozi zake. Munthu akamatsika, madzi amamupanikiza, ndipo pa mamita 10 aliwonse mphamvuyo imaonjezereka. Mbali ina ya mpweya womwe akupuma, yotchedwa nitrogen, imasungunukira m'magazi. Akakwera mofulumira, mpweyawo umatuluka ngati thovu la m'botolo la Fanta lomwe latsekulidwa mwadzidzidzi, ndipo thovulo likatsakamira m'mfundo kapena mu msana munthu amatha kupuwala ngakhale kufa kumene. Choncho osambira amavala kawotchi kowauza kuya ndi nthawi, satsika kupyola mamita 30 kapena 40, ndipo pokwera amaima kaye mphindi zingapo asadatulukire pamwamba. Ku Tubbataha chipatala chili kutali maola 10, kotero wophwanya malamulowa amakhala akusewera ndi moyo wake.

Chomvetsa chisoni n'choti asodzi osauka a m'dzikolo amatsika kuya komweko popanda zida zonsezi. Amaluma paipi ya pulasitiki yolumikizidwa ku makina opopa mpweya omwe ali m'boti, n'kukhala pansi nthawi yaitali akusaka nsomba ndi nkhono. Paipi ikapindika kapena injini ikazima, imfa ili pomwepo. Ambiri adalumala ndi matenda a thovu lija. Nyanja ndi imodzi, koma wina amatsikamo kukasangalala, wina kukasaka ya ufa.

Alendo nawo ali ndi malire. Saloledwa kugwira korali, kudyetsa kapena kuthamangitsa nsomba, kutola chilichonse ngakhale kuponya mbedza kuchokera m'boti lawo kuti apeze ndiwo yamadzulo. Maboti samaponya nangula chifukwa amaphwanya matanthwe. Amamangirira pa zingwe zomwe zidaikidwa kale. Pa kachilumba ka mbalame palibe wololedwa kupondapo. Malo okhawo omwe mlendo angatsikepo ndi pa nyumba ya alonda, pomwe amagula malaya a chikumbutso n'kuwasiyira alondawo zipatso, ndiwo zamasamba kapena china chilichonse chomwe munthu wokhala pamchenga miyezi iwiri angachilakelake.

Nzeru ya malowa yagona pamenepa. Nsomba yophedwa imagulitsidwa kamodzi. Kamba kapena shaki wamoyo amaonedwa ndi alendo a sabata ino, a sabata yamawa ndi a chaka chamawa, ndipo onsewo amalipira.

Akuba amabwerabe

Malo odzaza nsomba pakati pa nyanja yomwe kwina konse nsomba zikutha ali ngati nkhokwe yodzaza chimanga m'chaka cha njala. Alonda, omwe amakhala pakati pa 10 ndi 12 nthawi imodzi, ndi osakanikirana: asilikali a pamadzi, achitetezo cha m'mphepete mwa nyanja, anthu a ku Cagayancillo ndi ogwira ntchito ku ofesi ya malowa. Amasinthana miyezi iwiri iliyonse. Ali ndi makina oonera maboti patali, wailesi ndi maboti othamanga. Mayi Songco, omwe kale adali katswiri wotsogolera alendo pansi pa madzi, adayamba kuyang'anira malowa m'chaka cha 2001, ndipo alondawo adawapatsa dzina loti Mama Ranger.

Mu Disembala 2006 alondawa adagwira sitima yotchedwa Hoi Wan momwe mudali anthu 30 a ku China. M'matanki ake mudapezeka nsomba zamoyo zambirimbiri, kuphatikizapo zoposa 300 za mtundu womwe kumeneko amati mameng. Iyi ndi nsomba ya chipumi chotukuka ndi milomo yokhuthala, yomwe imatha kutalika mamita awiri ndi kukhala zaka 30. Malonda ake adaikidwa pansi pa malamulo okhwima a dziko lonse m'chaka cha 2004, koma mtengo wake m'malo odyera ndi wokwera moti ozembetsa saopa.

Zaka zomwezo kudabuka vuto lina, ndipo ulendo uno akuba adali a konkuno kwawo. Asodzi ochokera ku Palawan ankalowa usiku kukatola nkhono zotchedwa samong, zomwe zigoba zake zonyezimira amapangira mabatani a zovala ndi zokongoletsa. Ambiri adagwidwa n'kutsekeredwa. Adali anthu osauka, otumidwa ndi amalonda omwe ankawapatsa mafuta ndi chakudya cha paulendo, ndipo monga zimakhalira kulikonse, wolowa m'chitokosi adali wotumidwayo.

Milandu imeneyi idaonetsa kuti malamulo akale adali ofooka. M'chaka cha 2010 Pulezidenti Gloria Arroyo adasainira lamulo lapadera la Tubbataha, Republic Act 10067, lomwe lidakhwimitsa zilango n'kuika mtengo pa sikweya mita iliyonse ya korali yomwe munthu wawononga. Lamuloli ndi lomwe adawerengera chindapusa cha USS Guardian.

Patangotha masiku asanu ndi anayi chidutswa chomaliza cha sitima ya Amereka chichotsedwe, pa 8 Epulo 2013, sitima ina idatsakamiranso, ulendo uno ku nkhata ya kumpoto. Idali sitima yausodzi ya ku China yotchedwa Min Long Yu, ndipo idawononga malo aakulu kuposa oyamba aja, masikweya mita pafupifupi 3,900. Ofufuza atatsegula mosungira katundu sadapeze nsomba. Adapeza makatoni 400 a nyama ya ngaka youmitsidwa ndi chisanu, yolemera makilogalamu pafupifupi 10,000. Ngaka ndi kanyama ka mamba komwe nakonso kuno anthu akhala akumangidwa nako, chifukwa msika womwe umakafuna ndi umodzi womwewo. Anthu 12 a m'sitimamo adaimbidwanso mlandu wofuna kupereka ziphuphu kwa alonda, ndipo m'chaka cha 2014 khothi la ku Palawan lidawalamula kukakhala kundende zaka za pakati pa 6 ndi 12 chifukwa cholowa kukapha nsomba m'malo oletsedwa.

Asilikali a America aja palibe adaonekera m'khothi la ku Philippines. Akuluakulu awo adachotsa paudindo woyendetsa sitimayo ndi anzake atatu, ndipo kafukufuku wawo adapeza kuti mapu a pakompyuta omwe ankagwiritsa ntchito adaika thanthwelo pamalo olakwika ndi makilomita oposa 10, komanso kuti oyendetsawo sadasamale machenjezo ena. Magulu ena a ku Philippines adakadandaula ku khothi lalikulu, koma m'chaka cha 2014 pempho lawo lidakanidwa. Msodzi wa samong amagona m'ndende, wa sitima yankhondo amalipira n'kupita kwawo. Anthu a ku Palawan kusiyana kumeneku adakuona.

Ngakhale omenyera chilengedwe adalipirako. Mu Okutobala 2005 sitima ya bungwe la Greenpeace yotchedwa Rainbow Warrior, yomwe idabwera kudzaona za thanzi la korali, idagunda thanthwe n'kulipitsidwa madola pafupifupi 7,000. Eni ake adadandaula za mapu olakwika, koma adalipira. Pofuna kuchepetsa ngozi zotere, bungwe loona za maulendo a panyanja la International Maritime Organization lidavomereza m'chaka cha 2017 kuti sitima zikuluzikulu zizilambalala dera limeneli.

Phindu limatuluka kunja

Kodi msodzi yemwe sadzaonapo Tubbataha amapindulanji ndi zonsezi? Yankho lili m'mazira. Nsomba zambiri za m'matanthwe siziswana ngati chambo, chomwe chimasunga ana m'kamwa. Zimamwaza mazira mamiliyoni m'madzi, ndipo mazirawo ndi tiana take zimayandama masiku kapena masabata zikutengedwa ndi mkokomo wa nyanja. Kafukufuku wa kayendedwe ka madzi a nyanja ya Sulu adaonetsa kuti mkokomowo umanyamula tiana ta nsomba ndi ta korali kuchoka ku Tubbataha kupita nato kugombe la kum'mawa kwa Palawan ndi zilumba zina, komwe asodzi amaloledwa kuwedza. Kuonjezera apo, nsomba yaikazi ikakula kwambiri imaikira mazira ochuluka kuposa zing'onozing'ono zingapo kuphatikiza pamodzi, ndipo nsomba zikuluzikulu zotero zimapezeka pokhapokha pomwe zapatsidwa mpata wokalamba.

Asodzi a ku Salima sangadabwe nazo. Pa chilumba cha Mbenje, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ingapo ya dzinja chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo akatsegula utaka umagwidwa wochuluka kuposa madera ena. Kusiyana kwake n'koti ku Mbenje amatseka kwa nyengo ndipo otseka ndi eni ake, pamene ku Tubbataha adatseka mpaka kalekale ndipo lamulo lidachokera ku likulu. N'chifukwa chake kumeneko padafunika mfuti, ndalama za alendo ndi 10 peresenti ija kuti zitheke.

Pali adani ena omwe mlonda sangawamange. Madzi a m'nyanja akatentha kupyola muyezo, korali amalavula tindere tomwe timakhala m'thupi mwake n'kumamupatsa chakudya ndi mtundu. Amayera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Zidachitika m'chaka cha 1998 m'nyanja zambiri za dziko lapansi, ku Tubbataha komwe, ngakhale kumeneko matanthwe adachira m'zaka zotsatira chifukwa nsomba zodya ndere zidalipo zambiri zoyeretsa malo oti korali watsopano amerepo. Zinyalala za pulasitiki zochokera kutali zimakocheza pamchenga, ndipo mbalame zimazitola n'kumangira zisa. Kachilumba ka mbalame nako kakhala kakukokoloka ndi mafunde.

M'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udatseka maulendo nyengo ya alendo itangoyamba kumene. Maboti adaima padoko, ndalama zolowera zidauma, ndipo kudaoneka poyera kuopsa kodalira thumba la mlendo pa ntchito yolondera. Boma ndi mabungwe akufuna kwabwino adachita kuthandizapo kuti mafuta a maboti ndi chakudya cha alonda zisasowe.

Pakati pa Juni boti lomaliza la alendo limamasula chingwe n'kulunjika ku Puerto Princesa. Habagat amayamba kuwomba, ndipo kwa miyezi isanu ndi inayi otsala pamalopo ndi alonda okha. Madzi akumwa amadalira mvula ndi omwe abwera pa boti, ndipo nyanja ikakwiya boti lobweretsa owalowa m'malo limachedwa masiku angapo. Amawerenga mbalame, kuyeza akamba, kutola zinyalala ndi kusinthana kuyang'ana makina usiku wonse. Ndiwo zawo zambiri ndi za m'chitini, nsomba zikusambira pansi pa nyumba yawo.